Toyota Hilux 2.8 ndi kalavani yolemera: zimene sikelo ya ku Ulongwe inandionetsa

Pa kapepala kamene ogulitsa galimoto amapereka kwa wogula pamakhala nambala imodzi imene aliyense amapita nayo kunyumba, ndipo pa Toyota Hilux ya injini ya 2.8 yokoka mawilo onse anayi nambalayo ndi 3,500. Amenewa ndi makilogalamu a kalavani ya mabuleki imene galimotoyi imaloledwa kukoka. Ine ndinagula yanga, ya zitseko zinayi ndiponso yosintha yokha magiya, chifukwa cha nambala imeneyi, pakuti ntchito yanga ndi yogula kachewere, nyemba ndi soya kwa alimi a ku Angónia ndi ku Tsangano, kuno ku Mozambique, n'kumakagulitsa ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Tsopano ndayenda nayo nyengo zitatu zokolola ikukoka kalavani ya maekiselo awiri, imene apolisi a pamsewu amaitcha atrelado, ndipo ndikuona kuti ndingathe kunena mosakondera pamene galimotoyi imachita bwino ndi pamene mphamvu zake zimathera.

Za injini sinditaya nazo nthawi yambiri chifukwa palibe chodandaula. Kuyambira mu 2020 injini ya dizilo imeneyi, ya 2,755 cc, inawonjezeredwa mphamvu kufika pa 150 kW, ndipo pa galimoto zosintha zokha magiya imatulutsa mphamvu yopotokola ya 500 Nm kuyambira pamene ikuzungulira pang'onopang'ono, pa 1,600 pa mphindi. Tanthauzo lake pamsewu n'lakuti ponyamuka ndi katundu wolemera galimoto siichita kukuwa kapena kunjenjemera. Pobwerera kuchokera ku Tete, pamene msewu wa N7 wayamba kukwera mutadutsa Moatize, ndipo kenaka mwakhotera pa Mussacama kulowa mu N304 kulunjika kumapiri a kwathu, galimotoyi imakoka feteleza wodzaza kalavani popanda singano ya kutentha kwa injini kusuntha, ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene kutentha kwa ku chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40. Vuto n'lakuti injini yamphamvu chotere imanamiza mwini wake. Popeza siionetsa kutopa, munthu amaganiza kuti galimoto yonse sinatope, chonsecho mbali imene imayamba kulemedwa ili kutali ndi injini, pansi pa bodi, pamene pali ekiselo ya kumbuyo ndi matayala ake awiri.

Galimoto iliyonse ya mtundu umenewu ili ndi malire osachepera asanu, ndipo onse ayenera kusungidwa pa nthawi imodzi. Pali kulemera kwa kalavani kumene ndatchula kale. Pali kulemera konse kumene galimoto payokha imaloledwa kufika itanyamula anthu, mafuta ndi katundu, kumene mu livrete, chikalata cha boma cha galimoto, amalemba kuti peso bruto, ndipo pa yanga ndi makilogalamu 2,910. Pali kulemera kwa galimoto ndi kalavani zikaphatikizidwa, kumene pa yanga ndi 5,850. Kenaka pali malire a ekiselo ya kutsogolo ndi a ekiselo ya kumbuyo, iliyonse payokha. Manambala amenewa amasiyana malinga ndi dziko limene galimoto inapangidwira kuti ikagulitsidweko, choncho Hilux yochokera ku fakitale ya ku Durban ikhoza kusiyana ndi inzake yooneka chimodzimodzi imene inalowa kudzera ku doko la Beira kuchokera kwina. Mwini galimoto ayenera kuwerenga kachitsulo kamene kanakhomedwa pa galimoto yake ndiponso buku lake, osati kudalira zimene wamva kwa mnzake pa malo omwetsera mafuta.

Masamu oyamba ndi ophweka, koma ndinakhala chaka chathunthu ndisanawachite. Mukachotsa 3,500 pa 5,850 pamatsala 2,350, ndipo kumeneku ndiko kulemera kumene galimoto yokha iyenera kukhala nako ngati mwakoleka kalavani yodzaza mpaka pa malire. Galimoto yanga, itaikidwa chitsulo chotchinga kutsogolo, chitsulo chokolera kalavani ndi zitsulo za m'mbali mwa bodi, thanki ya malita 80 itadzaza ndipo ine nditakhala pa chiwongolero, inalemera makilogalamu 2,300. Zotsala ndi makilogalamu 50, ndiye kuti thumba limodzi la feteleza. Mnyamata wothandiza kutsitsa katundu akangokwera, malire adutsidwa kale. Nambala ya 3,500 si yabodza ayi, koma ndi ya galimoto yopanda kanthu, yokhala ndi dalaivala yekha, ndipo kuno kwathu sindinaonepo munthu akuchoka ku Ulongwe, likulu la Angónia, kupita ku Tete ndi bodi yopanda kanthu ndiponso mipando yopanda anthu.

Chimene chinanditsegula maso kwenikweni ndi sikelo ya pa depoti ina yogula chimanga ndi soya kuno ku Ulongwe. Tsiku limenelo ndinali nditakweza kachewere mu kalavani, matumba osokedwa ndi chipewa pamwamba monga momwe alimi a ku Tsangano amachitira, amene palibe angakuuzeni kulemera kwake pongowayang'ana. Mu bodi ndinaika matumba asanu ndi atatu a nyemba a makilogalamu 50 lililonse, ndipo mkati munakwera anthu atatu. Mkulu woyang'anira sikelo, bambo wachikulire amene wakhala akupima malole kwa zaka zambiri, anayang'ana galimoto ili chapatali n'kunena kuti, "Bwana, galimoto yanuyi yakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Tabwerani nayo tiipime ekiselo iliyonse payokha, musalipire kanthu." Ndinaseka, koma ndinamvera. Anandiuza kuti ndikweze mawilo a kutsogolo okha pa sikelo, kenaka ndisunthe kuti akwere onse anayi, pomaliza akwere a kalavani okha, ndipo iye ankalemba manambala kuseri kwa lisiti yakale ndi cholembera chimene ankachisunga kukhutu.

Sikelo yoteroyo imawerenga modumpha makilogalamu 20, choncho manambala ake si a ndendende, koma uthenga wake unali womveka. Ekiselo ya kutsogolo inanyamula 1,280, ya kumbuyo 1,900, ndipo mawilo anayi a kalavani ananyamula 2,320. Zonse pamodzi zinakwana 5,500, kutanthauza kuti pa malire a galimoto ndi kalavani ndinali ndisanafike, ndipo kalavani nayo, imene inalemera 2,600, inali kutali ndi 3,500. Munthu wongodziwa manambala awiri amenewa akanati zonse zili bwino. Koma galimoto payokha inali pa 3,180, kupitirira malire ake ndi makilogalamu 270, ndipo ekiselo ya kumbuyo, imene pa galimoto yanga malire ake ali pafupi ndi 1,700, inali itasenza makilogalamu pafupifupi 200 osayenera. Galimoto yomweyi ili yopanda katundu inali itaonetsa 1,320 kutsogolo ndi 980 kumbuyo. Ndiye kuti ekiselo ya kumbuyo inali itawonjezeredwa makilogalamu 920, pamene ya kutsogolo, m'malo molemera, inali itapepuka.

Apa m'pamene pali nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri okoka makalavani sapamvetsa. Kalavani yokwezedwa bwino imatsamira pa mpira wokolera ndi gawo lina la kulemera kwake, ndipo ambiri amalangiza kuti gawolo likhale pafupifupi limodzi mwa magawo 10. Kulemera kumeneku kumawerengedwa ngati katundu wa galimoto, mofanana ndi matumba a mu bodi. Komanso mpirawo suli pamwamba pa ekiselo, uli kumbuyo kwake ndi mtunda wopitirira mita imodzi, pamene mtunda wa pakati pa maekiselo awiri a Hilux ndi mamilimita 3,085. Aliyense amene anatsamirapo kumbuyo kwa ngolo ya ng'ombe n'kuona mtengo wa kutsogolo ukunyamuka pamodzi ndi goli amadziwa chimene chimachitika. Ekiselo ya kumbuyo imasanduka potsamira, kutsogolo kumanyamuka, ndipo kulemera kumene kwachoka kutsogolo kumadzagwera kumbuyo komweko. Mwa masamu, kilogalamu iliyonse ya pa mpira imafika pa ekiselo ya kumbuyo ngati 1.4. Makilogalamu 280 amene kalavani yanga inkatsamira nawo anasanduka pafupifupi 400 pa ekiselo, ndipo mawilo a kutsogolo, amene amawongolera galimoto ndi kugwira mbali yaikulu ya mabuleki, anataya pafupifupi 120.

Pa galimoto ya zitseko zinayi vutoli limakula chifukwa cha mapangidwe ake. Mipando ya kumbuyo inakankhira bodi m'mbuyo, kotero kuti gawo lalikulu la bodi lili pamwamba pa ekiselo ndi kumbuyo kwake. Chilichonse chimene mwaika mmenemo chimagwera pa matayala awiri omwewo amene akulimbana kale ndi kalavani. Ichi si chilema cha Hilux yokha, ndi mmene galimoto zonse za zitseko zinayi zilili, ndipo pa galimoto za msinkhu umenewu malire a ekiselo ya kumbuyo amakhala pakati pa makilogalamu 1,600 ndi 2,000. Chimene ndingaidzudzule nacho Hilux n'chakuti pa manambala amenewa ili chakumunsi poyerekeza ndi anzake. Ford Ranger ya mtundu watsopano, imene inatuluka mu 2022, ili ndi mtunda wa mamilimita 3,270 pakati pa maekiselo, ndipo malire ake a galimoto ndi kalavani amapitirira matani 6, kotero kuti pa pepala imamusiyira mwini wake mpata wokulirapo. Sindinaikokerepo kalavani kwa nthawi yaitali, ndipo chimene chimandisunga pa Hilux n'chakuti zipangizo zake zimapezeka mosavuta ku Tete, ngakhale kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Lilongwe, ndipo makaniko aliyense wa m'tauni muno anaimasulapo.

Mkulu wa pa sikelo uja sanandiuze kuti nditsitse katundu. Anangoti, "Nyembazi zichoke mu bodi, zipite mu kalavani, koma muziike pamwamba penipeni pa mawilo, osati ku mphuno kapena ku mchira." Anyamata anasamutsa matumba asanu ndi atatu aja, tinamanganso zingwe, n'kupimanso. Kulemera konse kunali komweko, 5,500, chifukwa palibe chimene chinatsala pansi. Koma tsopano ekiselo ya kutsogolo inaonetsa 1,260, ya kumbuyo 1,540, ndipo mawilo a kalavani 2,700. Galimoto payokha inatsika kufika pa 2,800, kalavani inakwera kufika pa 3,000, ndipo malire onse asanu anasungidwa. Katundu yemweyo, anthu omwewo, msewu womwewo, koma galimoto inaima mowongoka ndipo nyali zake zinasiya kuloza m'mitengo. Ndinamupatsa mkuluyo ndalama ya chakumwa, iye anakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu analandira.

Ndiyenera kunena za masipuling'i, chifukwa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Ndisanapite pa sikelo paja ndinali nditapita kale pa garaja ina kumene anandiwonjezera tsamba limodzi la chitsulo mbali iliyonse ya masipuling'i a kumbuyo, ndipo mwini garajayo ananditsimikizira kuti tsopano galimoto ikhoza kunyamula theka la tani kuposa kale. Zimenezi sizoona, ndipo ndimadandaula kuti ndinazikhulupirira. Tsamba lowonjezera limangoletsa galimoto kukhala pansi. Silikulitsa mabering'i a mawilo, sililimbitsa chitsulo cha ekiselo kapena chasisi, siliwonjezera mabuleki, ndipo silisintha nambala imene ili mu livrete. Choipa kwambiri n'chakuti limabisa chizindikiro chokhacho chimene diso likanaona. Galimoto ya masipuling'i a ku fakitale ikalemedwa imadziulula yokha, pamene yolimbitsidwa imatha kuoneka bwino ili ndi katundu woposa muyezo. Ngati yanga inakhala pansi tsiku lija ili ndi matsamba owonjezera, ndiye kuti maulendo ena ambiri m'mbuyomo ndinkayenda nditapitirira malire osadziwa. Ikakhala yopanda katundu, masipuling'i olimbawo amaidumphitsa pa msewu wa fumbi wopita ku Dómuè mpaka mano kugundana.

Matayala nawo ali ndi malire awo, ndipo amalembedwa m'mbali mwa tayala lililonse. Pa tayala la 265/65 R17 nthawi zambiri pamatsatira nambala 112, imene imatanthauza makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi, pamene 110 imatanthauza 1,060. Kulemera kumeneku tayala limakunyamula pokhapokha litapopedwa mpweya wokwanira. Tayala la kumbuyo losenza makilogalamu 950 lili ndi mpweya wa galimoto yopanda katundu limapindika m'mbali pa kuzungulira kulikonse, limatentha, ndipo pa phula la pakati pa Moatize ndi Tete masana a mwezi wa Novembala silifuna chifukwa china kuti liphulike. Ndinazolowera kupima mpweya m'mawa matayala asanatenthe, motsatira manambala a katundu wodzaza amene ali pa kapepala ka pa chitseko, ndipo ndikaima pa Mussacama ndimagwira tayala lililonse ndi dzanja, a kalavani omwe. Limene latentha kuposa anzake limakhala likunena kanthu.

Kutsika ndiko kumayesa galimoto yokoka kalavani kuposa kukwera. Ulongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera pa nyanja, pamene mzinda wa Tete sufika ngakhale pa mamita 200, kotero kuti ulendo wopita kumsika ndi wotsika mamita oposa 1,000 uli ndi katundu wodzaza. Hilux yanga ili ndi mabuleki a disiki kutsogolo ndi a dramu kumbuyo, ndipo ndi okwanira galimoto yokha, koma sanapangidwe kuti aimitse matani asanu ndi theka okha. N'chifukwa chake kalavani yopanda mabuleki imaloledwa kufika pa makilogalamu 750 basi. Yanga ili ndi mabuleki amene amagwira kalavani ikakankha galimoto kuchokera kumbuyo, ndipo amagwira bwino ngati zingwe zake zakokedwa ndiponso chitsulo chotsetsereka cha pa mphuno chapakidwa girisi. Ndaona makalavani ambiri owotcheredwa m'magaraja a kuno, olimba ndithu, a maekiselo ochotsedwa ku galimoto zakufa, koma opanda mabuleki ngakhale pa wilo limodzi, atasenza matani awiri a chimanga. Pa zitunda zotsika ndimachotsa giya pa D n'kuisankha ndekha, yachitatu kapena yachiwiri, kuti injini igwire galimoto, ndipo bokosi la magiya asanu ndi limodzi la Hilux limamvera bwino pa ntchito imeneyi, silithamangira kukwera giya lokha. Komabe ulendo wa kalavani ya makilogalamu 3,000 uja ndinaumva m'mapewa. Pa khona lililonse kalavani, imene inali yolemera kuposa galimoto yoikoka, inkakumbutsa kuti ikhoza kusankha njira yake.

Kamodzi kokha kalavani inandivinira, ndipo cholakwa chinali changa. Nditaphunzira kuti mphuno yolemera imapweteka ekiselo ya kumbuyo, ndinapitirira muyezo mbali inayo n'kuunjika matumba a soya ku mchira wa kalavani kuti mpira upepuke. Nditafika pa liwiro la makilomita pafupifupi 80 pa ola, lole ina yochokera ku Zóbuè inandidutsa, mphepo yake inakankha kalavani, ndipo inayamba kugwedezeka uku ndi uku, kugwedezeka kulikonse kukukula kuposa koyamba. Galimotoyi ili ndi kompyuta imene imazindikira zimenezi n'kumagwira mabuleki a mawilo ena payokha, ndipo ndinamva ikugwira ntchito, kanyali kachikasu kakuphethira pa dashibodi. Ndinachotsa phazi pa mafuta osaponda buleki mwamphamvu, chiwongolero ndinachigwira chowongoka, ndipo kalavani inakhazikika. Pa chimenechi galimotoyi ndimaiyamikira ndi mtima wonse. Ndinaima pambali, ine ndi mnyamata wanga tinasamutsa matumba asanu kupita kutsogolo kwa mawilo, manja akunjenjemerabe.

Pa nkhani ya malamulo ndingonena mwachidule kuti chiphaso wamba cha gulu B chimalola kalavani yopepuka yokha, ndipo wokoka kalavani yolemera amafunika cha gulu BE, chimene chimaperekedwa kudzera ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto a pamsewu. Kalavani yaikulu imafunikanso nambala yake ndi mapepala ake. Mafuta nawo amakwera kwambiri, ndipo thanki ya malita 80, imene imaoneka yaikulu galimoto ili yokha, imachepa msanga kumbuyo kukakhala matani atatu.

Kwa munthu amene kalavani yake ikadzaza imalemera mpaka makilogalamu 2,500, ndipo ali wokonzeka kusiya bodi yopepuka pa masiku okoka, Hilux 2.8 ya zitseko zinayi ndi galimoto yabwino kwambiri, yamphamvu pokwera, yomvera potsika, yopirira misewu ya ku Tsangano nthawi ya mvula, ndiponso yosavuta kugulitsa ikakalamba. Pa kulemera kumeneko pamatsala mpata wa anthu atatu kapena anayi ndi katundu wochepa wa m'manja. Kuyambira pa 2,500 kufika pa 3,000 imakoka ndithu, koma bodi iyenera kukhala yopanda kanthu ndipo sikelo iyenera kufunsidwa ulendo uliwonse. Amene ntchito yake ndi ya matani atatu kapena kuposa sabata iliyonse asadzinamize ndi nambala ya pa kapepala, agule lole yaing'ono ngati Canter kapena Dyna, imene katundu wake amakhala pakati pa maekiselo ndipo kumbuyo kuli matayala anayi. Amene safuna mipando ya kumbuyo angachite bwino ndi Hilux ya zitseko ziwiri, chifukwa bodi yake imayambira kutsogolo kwa ekiselo ndipo imagawira katundu mawilo onse.

Matsamba owonjezera aja ndinawachotsa chaka chatha, ndipo galimoto inabwerera pa masipuling'i ake a ku fakitale. Lisiti ya mkulu wa pa sikelo, yokhala ndi manambala asanu ndi limodzi olembedwa ndi inki ya buluu, ndinaimata ndi tepi kuseri kwa chotchinga dzuwa cha mbali ya dalaivala, ndipo pa chitsulo cha m'mbali mwa kalavani ndinajambula mizere iwiri ya penti yoyera, kuti anyamata okweza katundu azidziwa pamene matumba olemera ayenera kuyambira ndi pamene ayenera kuthera.